Pagalaja: Starlet ya malemu bambo, tiidzutse kapena tiigulitse?

Mwezi watha ndinangotchula modutsa za Mazda 323 yomwe ndinali nayo ndili mnyamata, koma zikuoneka kuti ndinakanda pomwe pamayabwa anthu ambiri. Makalata a ulendo uno pafupifupi onse akukamba za timagalimoto takale todula kumbuyo tija, ta chitseko chotsegukira m'mwamba. Amene munafunsa za mabatire ndi giya ya otomatiki, mundidikire mwezi wamawa.

FUNSO: Bambo a Pagalaja, bambo athu anamwalira mu 2019 ndipo anasiya Toyota Starlet yoyera yomwe anaigula atangopuma ntchito yauphunzitsi. Chimwalirireni iwo, galimotoyo yangoima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Matayala anaphwa, ndipo nkhuku zinapeza polowera moti zimaikira mazira pampando wakumbuyo. Alongo anga awiri akuti tiigulitse kwa anyamata ogula zitsulo aja. Ine mtima ukukana. Ndi galimoto imeneyi tinkapita kumudzi ku Ntcheu pa Khrisimasi, ana anayi titapanikizana kumbuyo, ndipo ndi yomweyi bambo anandiphunzitsira kuyendetsa pabwalo la mpira la pasukulu. Kodi ingadzukenso, kapena ndikungolimbana ndi mtunda wopanda madzi?
Mayi wa ana atatu, Chilomoni

YANKHO: Mayi, pepani ndi imfa ya bambo. Choyamba, anyamata a sikelo aja asayandikire. Starlet siigulitsidwa pa kilo ngati mabeseni obooka. Ngakhale titapeza kuti kudzuka kwakanika, zitseko zake, magalasi, nyali ndi giyabokosi zili ndi ozifuna ku Ndirande, ndipo adzakupatsani ndalama yoposa kutali ya woyeza zitsulo. Mfundo imeneyi alongo anu aimva msanga.

Kudzuka ingathe kudzuka. Toyota inapanga Starlet kuyambira 1973 mpaka 1999, pomwe Vitz inalowa m'malo mwake, ndipo zambiri zomwe zinafika kuno ndi zija zokoka ndi matayala akutsogolo, za 1984 kupita m'tsogolo. Injini zake sizifa wamba. Ndaona zambiri thupi litatheratu injini ikulirabe bwinobwino, n'chifukwa chake musathamangire kutsegula boneti. Yambirani pansi. Chotsani makapeti onse, mutenge sikuludiraiva, mubaye popondera mapazi, m'munsi mwa zitseko, pogona tayala la sipeya ndi pomwe mashoko akumbuyo agwirira. Pansi pa mango ndi malo oipa kuimikapo galimoto: masamba amawolerana m'kangalande ka m'munsi mwa galasi lakutsogolo, timabowo totulutsa madzi timatsekeka, mvula ya zaka zonsezi n'kumathera m'kati. Kabowo ka popondera mapazi wowotcherera aliyense amakatseka tsiku limodzi. Koma dzimbiri likadya pogwira mashoko kapena zitsulo zomwe zanyamula injini, pamenepo mayi mungovomereza, muigulitse m'zidutswa.

Thupi likakhala lolimba, bwerani ku injini, koma kiyi musamugwire. Apa m'pomwe ambiri amaonongera: kubwereka batire kwa aneba n'kuyamba kutchaya sitata pa injini youma, yomwe oyilo wake anatsikira pansi kalekale. Makaniko achotse mapulagi, athire kaoyilo pang'ono m'bowo lililonse, asiye usiku wonse, mawa lake ayese kuzunguza injini ndi sipanala. Ikazungulira mosakakamira, mupumire m'mwamba. Kenako oyilo watsopano, fyuluta yatsopano, ndipo petulo wakale yense atuluke, thanki itsukidwe. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe chiyambire 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku zimenezi sizivuta, koma petulo wotere akakhalitsa m'thanki amakoka chinyezi, thanki imachita dzimbiri m'kati, ndipo timapaipi ta labala takale timauma n'kung'aluka.

M'kati mwa boneti muli kachitsulo kolembedwa nambala ya chesisi ndi mtundu wa injini. Mukawerenga 2E, kawirikawiri imakhala ya kabyureta, ndipo mwachita mwayi, chifukwa injini yomweyo inalinso mu Conquest ndi Tazz za 1300 zomwe zinkapangidwa ku Durban, Tazz mpaka 2006. Sipeya zake amalonda obwera ndi katundu ku Joni sazisowa. Mukawerenga 4E-FE ndiye kuti ndi ya injekishoni, ndipo konzekerani kugula pampu ya petulo, yomwe imakhala m'thanki momwemo ndipo siikonda kugona zaka isakugwira ntchito. Injini zonse ziwirizi zimayendera lamba wa taiming'i. Kusintha kwake ndi pa makilomita 100,000, koma lamba amakalamba ngakhale galimoto itangoima, ndiye musinthe osayang'ana mita. Chenjezo lina: ku sitolo musangoti mukufuna sipeya za Starlet basi. Starlet yatsopano yomwe yakhala ikugulitsidwa kuyambira 2020 yangotenga dzina, kwenikweni ndi Suzuki Baleno yopangidwa ku India, ndipo palibe chake chomwe chingalowe pa ya bambo anu.

Komwe nkhuku zalowa makoswe analowa kale, ndiye mawaya onse aunikidwe batire lisanalumikizidwe. Mabuleki musanyengerere: mafuta ake amayamwa madzi, masilinda amagwirana, ndipo ngati bambo anaisiya atakoka handibuleki, mashuzi akumbuyo anamatirira ku madiramu. Matayala musangowapopa. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chomwe linapangidwa. Tayala lomwe lakhala lophwa zaka zonsezi linathyoka m'mbali ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano.

Musanaononge ngakhale tambala, khalani pansi ndi alongo anu. Bulubuku ili m'dzina la malemu, ndipo galimotoyo ndi chuma chamasiye cha nonse. Pafunika makalata a kwa DC kapena kwa Administrator General kuti a Road Traffic asinthe umwini, kenako COF ndi inshuwalansi. Ndaonapo galimoto itakonzedwa bwino ndi mwana mmodzi, itangolira basi abale onse n'kukumbukira kuti ndi ya bambo awo. Gwirizanani mtengo wake lero ikadali ndi nkhuku, muwapatse gawo lawo, zilembedwe.

Tsono mwafunsa ngati mukulimbana ndi mtunda wopanda madzi. Mukawerengera ndalama zokha, zomwe mudzathire sizidzabwerera pogulitsa. Yopangira bizinesi yonyamula anthu ayi, imeneyo ndi ntchito ya ma Sienta. Koma yopitira kuntchito, kutchalitchi ndi ku Ntcheu mwa apo ndi apo, ine ndingaidzutse. Galimoto za mtundu umenewu zinali ndi khalidwe lomwe mwini wake ankalidziwa pamtima. Mazda yanga ija, m'mawa wa mwezi wa June, inkafuna ukoke choki mpaka kumapeto, upope petulo kawiri, osati katatu, kenako utembenuze kiyi. Ikalira unkabweza choki pang'onopang'ono uku ukumvetsera, chifukwa ukafulumira inkatsokomola n'kuzima. Madzulo ndinkaiimika moyang'ana kumunsi kwa msewu, kuti batire likagona m'mawa ana a aneba angokankha pang'ono, ine giya 2, kusiya kalachi, yalira. Pa Lizulu ndinkagwetsa mpando wakumbuyo n'kulowetsa thumba la mbatatesi, kabichi ndi dengu la tomato, mpaka nyali zakutsogolo kumaunika m'mitengo chifukwa cha kulemera kumbuyo. Bambo anu nawonso anali ndi tinjomba tawo ta galimoto imeneyo. Funsani mayi ngati alipo, kapena makaniko yemwe ankawakonzera, chifukwa zina mwa izo sizinalembedwe m'buku lililonse.

FUNSO: Achimwene, ine ndakhala ku Johannesburg zaka zambiri. Galimoto yanga yoyamba inali Citi Golf Chico yofiira. Ndi imeneyo ndinapita nayo kumudzi koyamba, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, mabulangete ndi njinga zili padenga. Pa Tete kunatentha moti tinkayenda magalasi onse ali otsitsa, thaulo lonyowa lili m'khosi, koma sinatisiye panjira. Titafika kwathu mudzi wonse unabwera kudzaigwira. Kenako inabedwa kuno. Tsopano ndikuganiza zobwerera kumudzi, ndipo mtima ukufuna ndigule ina ndipite nayo. Anasiyiranji kuzipanga? Nanga ndi nzeru kupita nayo ku Namwera?
Mmalawi wa ku Joni

YANKHO: Achimwene, amene anadutsapo mlatho wa pa Zambezi mu October m'galimoto yopanda eyakoni akumvetsani bwino za thaulo ija.

Chomwe munkayendetsa chinali Golf yoyambirira, yomwe inatuluka ku Germany mu 1974, yojambulidwa ndi Giorgetto Giugiaro wa ku Italy. Golf yachiwiri itabwera, yokulirapo komanso yodula, a Volkswagen a ku South Africa anaona kuti anthu afunabe galimoto yotsika mtengo, ndiye mu 1984 anapitiriza kupanga yakale ija pa fakitale ya ku Uitenhage, komwe lero kukutchedwa Kariega, n'kuitcha Citi Golf. Zoyamba zinatuluka zofiira, zachikasu ndi zobiriwira ngati mtambo. Anazipanga mpaka 2009, zoposa 370,000, ndipo mu 2010 Polo Vivo inatenga malo ake. Ankaisintha apa ndi apo, mu 2004 mpaka anaiika dashibodi ya Škoda Fabia, koma mafupa ake anali a 1974 omwe aja, ndipo sakanathanso kufika pomwe malamulo ndi ogula ankafuna pa nkhani ya chitetezo. Zambiri zilibe airbag, thumba la mpweya lija lotchinjiriza munthu pa ngozi, zilibenso ABS, yoletsa matayala kukakamira ukaponda mabuleki mwadzidzidzi.

Kukoma kwake sindikutsutsa. Ndi yopepuka, imamvera chiwongolero, woyendetsa amaona ngodya zonse zinayi, ndipo pamapiri okwera ku Namwera kuchokera ku Mangochi ingakusangalatseni. Potsika m'pomwe muyenera kukumbukira kuti mabuleki ake sanatchukepo ndi kugwira. Galimotoyi anaikonzera chiwongolero cha kumanzere, ndiye pa zathu za kumanja phazi lanu limakankha chitsulo chodutsa mopingasa kukafika ku silinda ya mabuleki mbali inayo, ndipo mphamvu ina imathera m'njira. Tsikani ndi giya, osati ndi phazi lokha. Poigula yang'ananinso zinthu zitatu zomwe eni ake onse amazidziwa: madzi odontha kuchokera m'mphepete mwa galasi lakutsogolo kugwera pa bokosi la mafyuzi, chitsulo chong'aluka pomwe kebulo ya kalachi imadutsa, ndi giya yosochera chifukwa timabushi ta ndodo zake tatha. Zonsezi zimakonzeka, koma zikhale zotsitsira mtengo.

Inu nomwe mwaona kuti akuba amaikonda, choncho yomwe mukugulayo ikhozanso kukhala ya mnzanu amene akulira kwina. Nambala ya injini ndi ya chesisi zigwirizane ndi mapepala, ndipo musanyamuke opanda chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, chifukwa pachipata adzachifuna. Kumbali ya kuno, msonkho wa MRA umakwera galimoto ikamakalamba, ndipo Citi Golf yaing'ono pa zonse inabadwa mu 2009. Funsani mtengo wa msonkho musanagule, mufunsenso za mwayi womwe umakhalapo kwa anthu obwerera kumudzi ndi katundu wawo, kuti mudziwe ngati ukukukhudzani.

Ku Namwera kwenikweniko ndiye ndikukayika. Mu Blantyre ndi mu Lilongwe amakaniko a Volkswagen alipo, ku Biwi kapena ku Ndirande simungasowe wokuthandizani. Koma kumaboma akutali sitolo za sipeya zimasunga za Toyota ndi Nissan, chifukwa n'zomwe zadzaza msewu. Ngati mtima wakakamira, bwerani nayo limodzi ndi katoni ya zake: kebulo ya kalachi, pampu ya madzi, lamba wa taiming'i, ma CV joint ndi mabushi aja. Ngati mukufuna galimoto imodzi yokha yoti idzathamangitse wodwala kuchipatala usiku, Tazz ya zaka zomwezo ndiye siidzakuvutitsani kwambiri.

FUNSO: Ndagula Vitz ya 2003, galimoto yanga yoyamba. Amalume anga, omwe kale anali ndi Daihatsu Charade, akuiseka kuti ndi chitini. Akuti galimoto zakale zinali zachitsulo chenicheni, ukagunda mbuzi umangowongola bampala ndi hamala n'kumapita, pomwe zathuzi zimangofwanyika. Akunena zoona?
Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mphwanga, amalume musawatsutse pagulu, koma pa nkhani ya kufwanyikayi alakwa. Galimoto yanu anaipanga dala kuti kutsogolo kuzifwanyika. Pa ngozi mphamvu ya kugundako imayenera kuthera penapake, ndipo ikapanda kuthera m'boneti imathera m'chifuwa cha woyendetsa. Timagalimoto ta m'ma 1980 tinkaoneka tolimba pa ngozi ya mbuzi, koma tikakumana ndi lole chiwongolero chinkabwera m'nthiti, denga n'kutsika. Ife amene tinkakoka zotsala zake pamsewu wa Zalewa sitikamba zambiri za chitsulo chenicheni. Vitz zambiri zochokera ku Japan zili ndi ma airbag awiri kutsogolo ndi ABS, zinthu zomwe Charade ya amalume sinazilotepo. Bola muone kuti kanyali ka airbag kakuyaka mukatembenuza kiyi kenako n'kuzima, chifukwa pali ogulitsa ena amene amangochotsa babu.

Pomwe amalume akulondola ndi pa kukonza. Charade inali ndi masilinda atatu, kabyureta ndi mawaya owerengeka. Ikazima pathengo munthu ankatsegula boneti n'kufunsa mafunso awiri okha: moto ulipo? petulo akufika? Mapointi ankawapala ndi kasandipepa, jeti yotsekeka ankaiuzira ndi pakamwa, pampu ikafa mnzako ankanyamula chigubu m'mwamba petulo n'kumatsika yekha ndi kapaipi mpaka mukafike pa tauni. Yanuyo ikayatsa kanyali ka injini mufunika munthu wa kompyuta. Chomwe amalume akuchisowa n'chimenecho, kuti galimoto inali m'manja mwawo. Kungoti amaiwala kuti ankatsegula boneti pafupipafupi chifukwa inkazimanso pafupipafupi.

Tsiku lina muwapatse kiyi ayendetse. Adzayamba n'kudandaula kuti mita ili pakati pa dashibodi m'malo mokhala kutsogolo kwawo, koma mudzaone ngati adzafulumire kutsika.

FUNSO: Bambo, mu 2008 ndinaitanitsa Nissan March ya 1998 ku Japan, ndipo mlamu wanga anakaitenga ku Dar es Salaam. Ndikukumbukira tikuichingamira ku Songwe, ikununkhirabe za kunja, m'kabati yake muli mabuku a zilembo zosawerengeka. Pa Chiweta inakwera ndi giya 2 koma inafika. Ndakhala nayo mpaka lero. Mafunso anga ndi awiri omwe ndakhala ndikuchita manyazi kufunsa. Bwanji wailesi yake imangogwira masiteshoni ochepa? Nanga kandodo kofiira komwe kali kumapazi a pasenjala n'kachiyani?
Namwino wopuma ntchito, Mzuzu

YANKHO: Mayi, zochititsa manyazi palibe, theka la Mzuzu likuyenda ndi mafunso omwewa. March yanuyo ndi ya mtundu wa K11, womwe unapangidwa kuyambira 1992 mpaka 2002. Ku Ulaya ankaitcha Micra, ndipo mu 1993 inasankhidwa kukhala galimoto yapamwamba ya chaka kumeneko. Injini yake imayendera tcheni, osati lamba, ndiye bola muzisintha oyilo pa nthawi yake. Mukadzamva kuwayawaya m'mawa poiliza, tcheniyo ndiye ikupempha kuonedwa. Zoti inabwera ikadali bwino musadabwe: ku Japan galimoto imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula moti ambiri amasankha kugulitsa galimoto ikadali ndi moyo wautali.

Wailesi si yoonongeka. Mawailesi a m'galimoto za ku Japan a nthawi imeneyo amayambira pa 76 n'kulekera pa 90, pomwe masiteshoni athu a FM ali pakati pa 87.5 ndi 108. Mukungogwira okhawo omwe ali kumunsi kwenikweni. Pali kabokosi kakang'ono komwe amagetsi a galimoto amalumikiza pa waya wa eriyo, kamene kamatsitsa masiteshoni kuti alowe m'wailesi yanu, kungoti nambala yomwe izioneka pagalasi siikhala yeniyeni. Kapena gulani wailesi ina, koma yakaleyo musataye ngati mukadali ndi makaseti.

Kandodo kofiirako ndi muuni wa pangozi. Ku Japan galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi chochenjezera chotere: ukachotsa chivindikiro n'kukhutiza kumutu kwake kamayaka moto wofiira kwa mphindi zingapo kuti obwera m'mbuyo akuone. Kamakhala ndi moyo wa zaka zinayi, ndiye kanuko kanatha ntchito kalekale, koma kakhoza kuyakabe. Kachotseni pomwe adzukulu angakafikire, ndipo musakaponye pamoto wa zinyalala. Pa rodibuloko apolisi athu sakafunsa n'komwe, iwo amafuna matirayango awiri.